Msoko wa Pansi pa Boneti

Lachitatu, 5 Juni

Ndinatuma achimwene kuti akanditengere buku la nyimbo kunyumba, koma abwera ndi buku langa la miyeso ya makasitomala. Mabuku onsewa ndi a chikuto chakuda, ndiye sindinawakalipire. Kumbuyo kuli masamba osalembedwa. Ndizilembamo, chifukwa telala akakhala manja lende amayamba kusoka anzake ndi pakamwa.

Ndili mu wodi ya amayi othyoka mafupa, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Akuti ndinagundidwa ndi galimoto Lolemba masana, pamsewu wa kutsogolo kwa shopu yanga. Ndikuti "akuti" chifukwa ine sindikukumbuka kalikonse. Ndikukumbuka ndikutseka chitseko kuti ndikagule ulusi wakuda. Kenako denga loyera, ndi namwino akundifunsa kuti lero ndi lachingati.

Mwendo wamanzere wathyoka pawiri m'munsi mwa bondo. Phewa latupa. Mutu ukuwawa koma ulibe bala ngakhale limodzi. Diripi padzanja, jakisoni wa ululu katatu pa tsiku.

Pa bedi lachinayi pali mayi wina amene anaterereka m'bafa n'kuthyoka chiuno. Wodi yonse imawatchula kuti a Wailesi, chifukwa palibe anapeza pozimitsira.

Lachinayi, 6 Juni

Andijambulanso m'mutu m'mawa. Magazi sakutayikira mu ubongo, unangogwedezeka. Mawa ndikupita ku fiyeta kuti akaike chitsulo m'mwendo.

Adokotala a mafupa ndi bambo wamfupi, wa magalasi pamphuno. Mikono ya malaya awo oyera ikufunika kudulako zala zitatu, koma ndinameza mawu. Anakweza chithunzi cha mwendo, kenako cha mutu, n'kupukusa mutu wawo.

"Mayi, mwendo wanuwu ukuvomera kuti munagundidwa ndi galimoto. Mutu wanu ukukana."

Anandifotokozera ndi manja. Bampala ikamenya miyendo, thupi limagwera pa boneti, ndipo mutu umakamenya m'munsi mwa galasi la kutsogolo kapena pa zitsulo za m'mbali mwake. Akuti anthu ambiri amathera pamenepo. Koma galimoto imene inandigunda inali ndi thumba la mpweya.

"Si aja amatulukira pa chiwongolero?" ndinafunsa.

"Amenewo ndi a anthu amene ali mkati. Ili ndi la munthu amene ali kunja. Limabisala pansi pa boneti, kudikira inuyo."

Atachoka, a Wailesi anadzutsa mutu.

"Ndiye mukuti galimoto inakumenyani, n'kukuyaliraninso pilo? Ine bafa langa silinandiganizire choncho, ndi zaka zonsezi ndakhala ndikulikwecha."

Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma nkhaniyi yandikhala mumtima tsiku lonse. Galimoto imapangidwira mwini wake. Ndani ameneyo anakhala pansi n'kuganizira woyenda pansi, mlendo wosamudziwa, amene sadzakweramo n'komwe?

Lachisanu, 7 Juni

Fiyeta 9 koloko. Ndabwerako 1 koloko. Chitsulo chimodzi, misomali isanu ndi umodzi. Ndasanza kawiri. Pensulo ikulemera.

Loweruka, 8 Juni

Ululu. Thupi linatentha m'mawa, masana latsika. Ndamwa tiyi theka la kapu. Mankhwala oletsa magazi kuundana akundibaya pamimba.

Achimwene anakhala maola onse oona odwala akundikupiza ndi chikuto cha katoni.

Lamulungu, 9 Juni

Lero ndiliko bwino. Ndadya mpunga ndi dzira, nthochi imodzi.

Namwino anatsegula bala kuti atsuke, ndipo ndinapempha kuti andidzutse ndione. Misoko khumi ndi inayi, yotalikirana mofanana, mfundo zonse mbali imodzi. Adokotala aja ndawakhululukira za mikono ya malaya. Munthuyu amadziwa kugwira singano.

Masana kunabuka phokoso pakhonde. Ndinamva mawu a achimwene akulavula moto. Analowa akupuma ngati akwera phiri.

"Wabwera ndi malalanje! Munthu wafuna kundiphera mlongo wanga, lero akubwera ndi malalanje! Ndamuuza kuti akadye ndi abale ake."

Amanena dalaivala wa galimoto ija.

Achimwenewa anandilera ndi iwo makolo athu atamwalira. Makina anga oyamba osokera anawasenza pamutu kuchokera ku siteshoni. Akandiona ndikudwala nzeru zimawathawa. Pangozi panalibe iwo, koma akusimba ngati anali pa boneti. Akuti galimotoyo inkauluka. Apezanso mboni, bambo wina wogulitsa zikwama za mafoni pakona, amene akuti anamva kulira kwa matayala. Zonsezi akanena kale kupolisi.

Ine ndinangoti, "Kaya, achimwene, ine sindikukumbuka."

"Usavutike kukumbuka. Ndakukumbukira kale ine."

Lolemba, 10 Juni

A mafizo, ophunzitsa odwala kuyendanso, abwera. Andikhazika m'mphepete mwa bedi, chipinda chonse n'kuzungulira. Kugwedeza zala za kumapazi kakhumi pa ola lililonse.

Kunabweranso wapolisi wa pamsewu, mayi wodekha, yunifolomu yosita bwino. Anafuna mawu anga. Nditamuuza kuti m'mutu muli mdima, anatseka kabuku kake.

"Ndibweranso Lachisanu, mayi. Mbali ziwirizi zikutsutsana. Dalaivala akuti munatulukira mwadzidzidzi kuseri kwa lole yoima. Abale anu akuti iye ankathamanga. Mukapanda kukumbuka, nkhani ipita kukhoti momwe ililimu."

Ndinafunsa kuti zikatero dalaivalayo zimuthera bwanji. Akuti laisensi yake ili kale m'manja mwawo, ndipo kuntchito amuimitsa mpaka nkhani ithe. Khoti likamupeza wolakwa, chiwongolero achiiwale.

Madzulo namwino ananditsina khutu kuti bamboyo amabwera tsiku lililonse. Amakhala pa benchi ya pakhonde, chipewa pa bondo, n'kufunsa kuti mayi wa bedi lachitatu wagona bwanji. Akauzidwa amathokoza n'kumapita.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndakumbuka. Bwenzi ndisanakumbuke.

M'mawa ndimatsegula bukuli kufuna tsamba losalembedwa, ndipo linatseguka chapakati. "Jekete yotuwa, aphunzitsi a masamu. Chifuwa 42, mkono 25." Nditangowerenga, msewu wonse unabwera m'maso mwanga.

Ndinali nditatseka shopu. Lole ya zakumwa inaima m'mbali mwa msewu. Tsidya linalo ndinaona aphunzitsiwo akuyenda, atavala jekete imene ndinawasokera miyezi iwiri yapitayo. Telala sayang'ana nkhope za anthu pamsewu, amayang'ana mapewa ndi mipendero. Kumsana kwa jeketeyo nsalu yamkati inali itasomoka, ikulendewera pansi pa mpendero ngati lilime la galu. Mwini wake osadziwa, akuyenda monyadira.

Ndinadziwa chifukwa chake nthawi yomweyo. Zaka ziwiri zapitazi ndayamba ulesi wina. Ntchito ikachuluka, misoko yamkati sindiibwereza kumapeto. Ndimangodula ulusi n'kutseka, ndikudziuza kuti mkati saonamo munthu. Tsiku limenelo mkati munatulukira panja, tauni yonse ikuona, ndipo aliyense pamsewu umenewo amadziwa amene amasokera aphunzitsi.

Manyazi anandigwira. Ndinafuna kuwathamangira ndiwavule jeketeyo anthu asanaione. Ndinatsika mumsewu kuseri kwa lole, maso ali pa kansaluko. Sindinayang'ane kumanja, sindinayang'ane kumanzere. Mwana wa sukulu ya mkaka sangawoloke choncho.

Achimwene abwera ndi buledi ndi mkaka. Sindinawauze. Auza kale anthu onse a kumpingo ndi a mumsewu mwathu kuti mlongo wawo anagundidwa ndi chidakwa cha liwiro. Ndiwauze bwanji kuti mlongo wawoyo, mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, anadziponya yekha pa galimoto pothamangira nsanza?

Ndikhoza kungokhala chete. Adokotala ananena okha kuti ena sakumbuka mpaka kalekale. Palibe angandigwire bodza.

Lachitatu, 12 Juni

Ndaima ndi ndodo ziwiri. Masitepe anayi kupita, anayi kubwerera. Diripi achotsa.

Achimwene atapita, ndinapempha namwino kuti aitane bambo wa pa benchi uja. Sindikudziwa chimene ndinkafuna. Mwina ndinkayembekezera kuti akhala munthu wamwano, kuti mtima wanga upeze pobisala.

Analowa bambo wa imvi, wowonda, shati yakale koma kolala yake yotembenuzidwa mwaluso. Anaima kumapazi kwa bedi.

"Pepani, mayi. Pepani kwambiri. Mwendo uli bwanji?"

Ndinawauza kuti akhale. Amayendetsa galimoto ya pa ofesi ina, kunyamula mabwana ndi makalata. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri pa chiwongolero, osagundapo ngakhale nkhuku.

Ndinawafunsa za thumba lija, nkhope yawo n'kusintha.

"Mayi, ine ndinkadziwa kuti lilipo, zinalembedwa m'buku la galimotoyo. Koma ndinkangoti ndi nkhani za ogulitsa. Tsiku lija ndinaponda buleki, koma munali kale pa bampala. Ndinamva phuu! Ndinaganiza kuti injini yaphulika. Boneti inadzuka kumbuyo kuno, chinthu choyera n'kufunyululuka m'munsi mwa galasi mpaka m'mbali. Mutu wanu ndinauona ndi maso angawa ukubwera pa ine. Unalowa m'chinthucho ngati mwana akudzigwetsa pa matiresi."

Akuti mu bampala muli tizipangizo timene timamva kuti chagundidwachi ndi mwendo wa munthu, ndipo zonse zimachitika munthu asanaphethire. Amakaniko a ku galaja anawauzanso kuti thumba la galimoto imeneyo limagwira ntchito pa liwiro la m'tauni basi. Ndiye poti linatuluka, ndiye kuti iwo sankathamanga.

"Ndinayesa kuwauza achimwene anu zimenezo. Anandiyankha kuti nsalu siyankhula kukhoti."

A Wailesi, amene ankanamizira kugona, anati, "Nanga akazi anu akuti chiyani, bambo, mukungokhala pakhomo?"

"Sindinawauze kuti andiimitsa. Ali ndi vuto la mtima. Ndimavala m'mawa ngati ndikupita kuntchito, n'kubwera kuno."

Ndinadikira kuti andifunse ngati ndakumbuka kanthu. Sanafunse. Akanafunsa, mwina ndikanapeza mphamvu yokana. Anangodzuka n'kundifunira kuchira.

Ali pakhomo ndinawaitana. Ndinafunsa kuti thumbalo lili kuti tsopano. Akuti apolisi anamaliza kuyeza galimoto, ndipo ku galaja alichotsa kuti alitaye, poti silibwezeredwanso.

"Mukandipemphere. Ndikufuna ndilione."

Lachinayi, 13 Juni

Adalaivala abwera ndi thumba lija m'jumbo yaikulu. Namwino anachita tsinya, koma atamva kuti n'chiyani anaitana anzake awiri kuti adzaone.

Tinaliyala pabedi, n'kusefukira mbali zonse. Ndi lalitali ngati galasi la galimoto, lili ndi mikono iwiri yokwera m'mwamba, yophimba zitsulo za m'mbali zija. Nsalu yake ndi yopyapyala kuposa mmene ndinkaganizira, yoterera, yolimba moti sungaing'ambe ndi mano. Ikununkha ngati machesi ozima. Chakumanja kuli banga la mafuta. Ndinanunkhiza, ndi mafuta a tsitsi langa.

Anamwino atapita ndinayamba ntchito yanga. Zaka makumi atatu ndakhala ndikutembenuza zovala za atelala anzanga kufuna polakwika, ndipo sindinabwerepo chimanjamanja. Ndinayamba ndi kunja. Mizere iwiri ya ulusi wokhuthala, yoyenda limodzi osayandikirana, osatalikirana, ngakhale pokhota. Ndinayeza ndi chikhadabo. Kubaya kulikonse kwa singano n'kofanana ndi kunzake. Mizere ya mmene linapindidwira ikuonekabe, ndipo munthu ukhoza kuwerenga kuti linapindidwa kuti mbali iyi iyambe kutuluka, iyo itsatire.

Ndinapeza timabowo tozungulira, n'kuti eya, ndawagwira. Adalaivala anaseka koyamba chiwadziwireni. Akuti n'tadala, totulutsira mpweya, kuti mutu ukafika ulowe pang'onopang'ono m'malo modunda ngati mpira. Ndiye kuti anaganizira ndi zimenezo zomwe.

Kenako ndinalowetsa dzanja pamene amakaniko anadula, n'kulitembenuza.

Mkati muli timalamba tolumikiza nsalu ya pamwamba ndi ya pansi, kuti likafufuma lisakhale chibaluni koma likhale mtsamiro. Kalamba kalikonse kasokedwa mwa bokosi, n'kudutsamo mtanda. Kumapeto kwa msoko uliwonse abwereza. Uliwonse. Ndinafufuza pafupifupi ola lathunthu, mpaka pakona penipeni pamene chala chimalowa movutikira. Pamenepo abwerezanso.

Sindikumudziwa amene anakhala pa makina tsiku limenelo. Kaya ndi mayi ngati ine, kaya msana unkamuwawa, kaya ankafulumira kukatenga mwana kusukulu. Ankadziwa kuti chimene akusokacho chikapindidwa, chikatsekeredwa pansi pa chitsulo, ndipo mwina galimotoyo idzakalamba n'kuphwasulidwa popanda munthu kuchiona. Akanadumpha kalamba kamodzi, ndani akanadziwa? Sanadumphe. Ndipo pa kalamba kameneko ndi pamene panafikira mutu wanga.

Ndinalira, osabisa. Adalaivala anasokonezeka, n'kuyamba kupepesanso.

"Musapepese, bambo. Mawa mubwere 10 koloko. Mudzakhale mkati muno, osati pa benchi."

A Wailesi sanayankhule kanthu mpaka nthawi ya mankhwala. Wodi yonse inadabwa.

Lachisanu, 14 Juni

Achimwene anafika 9 koloko atavala taye, okonzekera nkhondo. Ndinawauza kuti akhale pafupi. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa lole mpaka pa lilime la jekete.

Anandiyang'anitsitsa.

"Jekete?"

"Jekete, achimwene."

"Iwe, mutu wako sunakhale bwino. Adokotala anati unagwedezeka. Ukulota."

"Ndikanakonda ndikanakhala ndikulota."

"Ndiye ine ndikawauze chiyani anthu? Ndinamutukwana munthu uja pamaso pa anamwino. Malalanje ake ndinawamwaza pakhonde."

Ndinakoka thumba lija pansi pa pilo, n'kuwaonetsa mkati mwake. Ndinawakumbutsa kuti tsiku limene anandisenzera makina anandiuza kuti ndizisoka ngati chovalacho ndivala ndine. Iwo za misoko sadziwa, koma anagwira kalamba kamodzi n'kukakoka ndi mphamvu zawo zonse. Sikanasunthe.

Wapolisi anafika, adalaivala ali pambuyo pake. Ndinanena zonse mwadongosolo. Nditafika pa jekete, cholembera chake chinaima.

"Mayi, ndilembe kuti munkathamangira jekete?"

"Lembani kuti ndinkathamangira ntchito yanga yoipa. Lembaninso kuti bambowa sanalakwe. Ngakhale inuyo simukanaima."

Anandiwerengera, ndinasaina. Anati za mboni ya pakona ija sizikumudetsa nkhawa, chifukwa dzulo inamuuza kuti galimotoyo inali yofiira, pamene ndi yoyera.

Adalaivala anaphimba nkhope ndi chipewa. Mapewa okha ndi amene ankagwedezeka. Achimwene anadzuka n'kutuluka osatsanzika. Zinandipweteka kuposa mwendo.

Masana masitepe makumi awiri. Chakudya sichinalowe.

Loweruka, 15 Juni

Achimwene sanabwere. A Wailesi andigawira nthochi zawo, n'kundiuza kuti amuna akachita manyazi amafunika masiku awiri, ngati mwendo wotupa.

Lamulungu, 16 Juni

Sanabwerenso. Ndakwera masitepe atatu a makwerero ndi a mafizo. Bala lauma bwino. Akuti Lachiwiri nditha kutuluka, ulusi adzachotsa sabata yamawa.

Lolemba, 17 Juni

Adalaivala anadutsa m'mawa, atavala yunifolomu. Laisensi awabwezera, ntchito ayamba lero. Dzulo ndi pamene anawaululira akazi awo, nkhani itatha kale. Akuti anakalipiridwa ola lathunthu, kenako anaphikiridwa nkhuku.

Ndawafunsa adokotala ngati ndingapondenso makina. Akuti mwendo wamanja ulibe mlandu, ndiyambe ndikafuna, bola wamanzerewu ndiziutsamiritsa pa mpando. Ndinalimba mtima n'kuwauza za mikono ya malaya awo. Anaiyang'ana ngati akuiona koyamba.

Lachiwiri, 18 Juni

Ndikulemba ndili kunyumba, mwendo pa mpando. Latsala tsamba limodzi lokha.

A Wailesi ndinawasiyira sopo ndi kapu yanga. Anandilamula kuti ndisakataye pilo wa galimoto uja. Sindingataye. Ndikamupachika kushopu, pamwamba pa makina, mkati muli kunja.

Namwino anandikankha pa chikuku mpaka pakhomo lalikulu. Panja panaima galimoto ya ku ofesi ija, ina, ya mtundu womwewo. Abwana anawaloleza adalaivala aja kuti andiperekeze. Pambali pake panaima achimwene, jumbo ya malalanje kudzanja lina, kwinaku atakolekera chovala pamkono. Mmene anapezanirana awiriwa sindikudziwa, ndipo palibe anandiuza.

Anandinyamula onse awiri, wina kumapewa, wina kumiyendo, akukangana za mmene angalowetsere ndodo. Achimwene anakhala kutsogolo. Tisananyamuke anasenda lalanje, n'kupatsa adalaivala theka osawayang'ana.

"Idyani, bambo. Aja ndinataya aja anali abwino kuposa awa."

"Zikomo, achimwene."

Kenako achimwene anatembenuka n'kundiponyera chovala chija pamiyendo. Jekete yotuwa. Masiku awiri amene anasowa aja anali kufunafuna nyumba ya aphunzitsi a masamu.

"Akuti sanadziwe n'komwe kuti yasomoka. Ndawauza kuti ibwera Lachisanu. Usandichititsenso manyazi."

Tinadutsa pamsewu wa kushopu. Adalaivala anachepetsa liwiro pamalo paja. Ine ndinkayang'ana boneti, pamzere umene imakumana ndi galasi. Sipaoneka kanthu. Pansi pake pali thumba lina lopindidwa bwinobwino, losokedwa ndi munthu amene sindidzamuona, likudikira munthu amene mwina sadzabwera.

Jekete ili pano pamiyendo panga. Ndaitembenuza kale, ndipo ndapeza misoko ina isanu imene sindinabwereze. Ndatsegulanso buku chakutsogolo n'kuika chizindikiro pa zovala zonse za zaka ziwirizi. Achimwene akuti adzazitolera khomo ndi khomo, bola ndisawolokenso msewu ndekha.

Andisunthira makina pafupi ndi zenera. Mawa ndiyamba ndi mkati.